Browser, mbewa ndi ndale: yankho kwa aphunzitsi amene akubwera ku Katete

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera ku Kitwe. Wolemba ndi mphunzitsi wachinyamata amene makolo ake kwawo ndi ku Chadiza, koma iye anabadwira ku Migodi n'kukulira komweko. Tsopano boma lamutumiza pasukulu ina ya kumudzi m'boma la Katete, ndipo mtima uli m'mwamba. Anandilola kuyankha poyera malinga ndisatchule dzina. Ndadula malonje ndi zina, zotsala ndi izi:

"Amalume, Chinyanja changa n'cha m'tauni, mundikhululukire. Foni yanga ndi yaing'ono, ndipo akuti kumene ndikupitako netiweki ndi yochita kukwerera pachulu. Kodi ndi browser iti imene simadya bandulo? Chachiwiri, mimba yanga sichedwa kukhumudwa, nanga pa msewu wa Great East ndidye chiyani, ndisiye chiyani? Anzanga kuno ayamba kale kundiseka kuti ndikukadya makoswe. Chomaliza, ndimakonda kutsutsana za ndale. Kodi kum'mawa munthu angalankhule momasuka m'basi ndi kusukulu, kapena nditseke pakamwa?"

Aphunzitsi, choyamba fikani, kuno n'kwanu. Chinyanja cha m'tauni chisakudetseni nkhawa. Ana a giredi 5 adzakuwongolani lilime temu isanathe, ndipo sadzakulipiritsani.

Foni yanu simunaitchule mtundu, koma ngati ndi Itel, Tecno kapena Infinix, monga mafoni ambiri a m'matumba mwathu, mwina munaipeza ili kale ndi browser (app yotsegulira masamba a pa intaneti) yotchedwa Phoenix pambali pa Chrome. Ngati ndi Samsung, muli Samsung Internet. Anthu ambiri amakalamba nayo browser imene anaipeza m'foni tsiku logula, osafunsa kuti anaiikamo ndani ndipo akupindulanji. Funso limeneli si lachibwana ayi. Pa mlandu umene boma la America linazenga Google, zinaululika kuti m'chaka cha 2021 chokha kampaniyo inalipira madola 26.3 biliyoni kwa opanga mafoni ndi ma browser, kuti munthu akangotsegula n'kulemba chimene akufuna, kufufuzako kuzipita ku Google. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta anagamula kuti kampaniyo inaphwanya lamulo la mpikisano pa malonda. Ndalama zonsezo ankagula nazo chinthu chimodzi, ulesi wathu wosintha zimene tazipeza zoikidwa kale. Mfundo imeneyi muisunge, tikumana nayonso pa mbale ya tchipisi.

Ine ndinganene kuti mukhale ndi ma browser awiri, iliyonse ndi ntchito yake. Yowerengera nkhani ikhale Opera Mini. Inayambira ku Norway, ngakhale kuti kuyambira 2016 eni ake aakulu ndi a ku China. Nzeru yake ndi yoti mukapempha tsamba, silibwera kwa inu mwachindunji. Limayamba lapita ku makompyuta a kampaniyo, kumeneko amalifinya, zithunzi n'kuzichepetsa, zokongoletsa zina n'kuzitaya, kenako n'kukutumizirani zotsalazo. Netiweki ikatsika mpaka pamwamba pa foni paoneka chilembo E, Opera Mini imatsegulabe tsamba, zinzake zikungozungulira. Koma kufinyako kumabwera ndi zake. Mafomu ena amathyoka: mumadina batani lotumizira, osachitika kanthu, mudinenso, ziii. Komanso zonse zimene mukuwerenga mwanjira imeneyi zadzera m'manja mwa munthu wina. Choncho za ndalama ndi za boma, kaya payslip, za NAPSA, TPIN ya ku ZRA, laisensi ya ku Teaching Council kapena zotsatira za mayeso a ana, musazitsegulire mmenemo.

Zimenezo ndi za browser yachiwiri. Ambiri angakuuzeni kuti Chrome, ndipo sindikutsutsa, chifukwa opanga mawebusaiti amayesera ntchito yawo pa Chrome, ndiye sikawirikawiri kukukanirani. Koma amene akuti Chrome ili ndi Lite mode yopulumutsa data akukamba zakale, Google inaichotsa mu 2022. Ine mtima wanga uli pa Firefox, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: pa Android imalola kuikamo kachida kotchedwa uBlock Origin, kamene kamatsekereza zotsatsa malonda. Tsegulani tsamba la nkhani za mpira muone nokha. Nkhani yeniyeni ndi ndime zitatu, zina zonsezo ndi makanema a kubetcha amene akudziseweretsa okha pa bandulo yanu. Mukawatsekereza, tsamba limapepuka. Brave imachita zomwezo popanda kuwonjezeramo kanthu. Pa foni ya memory yochepa ziwirizi zimatha kulemera, ndiye yesani, yokana muichotse. Kuchuluka kwa mayina kusakunamizeni. Edge, Brave ndi Samsung Internet zonse pansi pake zili ndi injini imodzi ya Chromium, yochokera ku Google komweko. Firefox ili ndi injini yakeyake, koma nayonso ndalama zambiri zoyendetsera Mozilla zimachokera ku Google. Woyera m'manja pankhaniyi palibe.

Tsono browser timangoinamizira, mbala yaikulu ya bandulo si iyo. Mbala ndi kanema. Mphindi zochepa za TikTok kapena ma status a WhatsApp zimadya data yokwana kuwerengera nyuzi sabata yathunthu. Lowani mu WhatsApp muletse kuti zithunzi ndi makanema zisamadzitsitse zokha, pa Facebook muletse makanema kuyamba okha, ndipo mu Play Store muike kuti ma app azidzikonza pa Wi-Fi pokha. Tsamba likakufunsani kuti lizikutumizirani mauthenga, kanani. Anthu ambiri amene mafoni awo amangolira ndi "mwapambana mphoto" anadina Allow tsiku lina osawerenga. Musananyamuke ku Kitwe, pamene netiweki ili yamphamvu, tsitsiranitu masilabasi, mapepala akale a mayeso ndi mapu a dera lanu, kuti muziwatsegula popanda intaneti. SIM khadi mukhale nazo ziwiri za makampani osiyana, ndipo yoti muzidalira mukafunse aphunzitsi amene mukawapeze, pakuti mudzi uliwonse uli ndi netiweki yake ndi mtengo wake woimapo. Mukamakaona abale ku Chadiza kapena mukayandikira ku Mwami ndi ku Chanida, zimitsani data roaming. Foni imatha kugwira netiweki ya ku Malawi kapena ku Mozambique inu phazi lili mu Zambia.

Tibwere ku mimba, kumene kuli nkhani yokoma.

Kuchokera pa Intercity ku Lusaka kukafika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo inu mudzatsikira pa Katete kutatsala makilomita 80 ndi kanthu. Mabasi abwino amanyamuka mbandakucha. Mukadutsa Chongwe ndi Rufunsa msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela, ndipo amene anadya soseji yamafuta ndi yogati pa siteshoni amadziwikira pamenepo, kondakitala ali kalikiliki kugawa mapepala apulasitiki. M'mawa umenewo tiyi ndi buledi, kapena mbatata yophika, zikukwanirani.

Basi iliyonse ili ndi pamene imaima kuti anthu adye, ndipo malowo simunawasankhe ndinu. Kawirikawiri dalaivala ndi kondakitala amadya ulere pamenepo chifukwa chobweretsa basi yodzaza anthu anjala amene alibe nthawi yoyang'ana kwina. Sindikuti chakudya chake n'choipa nthawi zonse. Koma nkhuku ndi tchipisi zimene zakhala m'kabati yagalasi pansi pa babu kuyambira m'mawa, zofunda koma zosatentha, ndizo zimene ine ndimaziopa kuposa chilichonse chogulitsidwa panja. Tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba timaswana bwino pa kufunda koteroko. Anthu a m'tauni amakhulupirira matailosi ndi galasi, n'kumanyansidwa ndi mayi wa mbaula. Koma chimanga chimene chikuchoka pamakala inu mukuona, chitumbuwa chimene changovuulidwa m'mafuta owira, dzira lophika limene musende nokha, nthochi ya m'khungu lake, zimenezi sizinagwirepo munthu m'mimba mwachisawawa. Mukafuna nsima, yang'anani kumene kwaima malole. Madalaivala a malole amadutsa msewu umenewu sabata ndi sabata, ndipo mayi amene anawadwalitsa kamodzi samuonanso. Mphika wake suzizira chifukwa odya sakutha.

Chachikulu ndi madzi. Simunaiwale kolera imene inayamba mu Okutobala 2023, imene inapha anthu oposa 700, bwalo la Heroes ku Lusaka n'kusanduka chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale 2024. Kolera imayenda m'madzi ndi m'manja. Choncho saladi ya kabichi yaiwisi isiyeni, zakumwa zozizira zomanga m'timapepala zisiyeni, ndipo musasambe m'beseni limene asambamo anthu khumi. Pemphani kuti akuthirireni. Kasopo kakang'ono m'thumba sikalemera. Thobwa palokha ndi lowiritsa, vuto limakhala kapu imene aitsuka m'ndowa imodzimodzi kuyambira m'mawa. Nyamulani botolo lanu akuthirireni mmenemo, ndipo musachite manyazi, mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pa Luangwa Bridge mudzatsika m'basi n'kumva ngati mwalowa mu uvuni, chifukwa ndi m'chigwa. Mlathowo musaujambule, pali asilikali. Msika uli musanawoloke, ndipo pamenepo pali madengu, zipewa za mlaza, masau m'nyengo yozizira, ndi nsomba zouma milumilu. Nsomba imeneyi mugule, idzakuthandizani masabata oyamba musanadziwe kogula ndiwo. Poisankha, inyamuleni muipinde pang'ono. Youma bwino imalimba, ndipo imanunkhira utsi wa nkhuni. Ikakhala yofewa pamimba, kapena mukaigogoda pachikhato n'kugwa kaufa ndi tizilombo, ibwezeni. Itembenuzeni muone m'mutu, muzibowo za m'makha, ndimo mumabisala mphutsi. Ndipo musakondwere kwambiri ndi mulu umene ntchentche sizikuuyandikira n'komwe pamene mulu woyandikana nawo zili ng'waa, chifukwa amalonda ena osaona mtima amawaza mankhwala. Kunyumba muiviike m'madzi ofunda, mutaye madziwo, kenako muiphike pamoto wochepa ndi tomato ndi anyezi mpaka minga ifewe. Mtengo woyamba umene akutchulireni ndi wa anthu a m'basi. Nenererani mwaulemu, mukuseka.

Mukawoloka mlatho ndiye kuti mwalowa kum'mawa. Pa Nyimba gulani nthochi, n'zotchipa ndipo n'zokoma, phava lonse mudzagawana ndi oyandikana nawo mpando. Kuyambira ku Petauke mpaka ku Sinda ndi Katete ndi dziko la nshawa. Funsani Chalimbana, ya maso akuluakulu ija, ndiyo imakoma kukazinga ndi kusinja. Koma nshawa iliyonse yofota, yakuda m'kati kapena yowawa, lavulani. Chuku cha nshawa ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo saphedwa ndi moto. Ndi yemwe uja anapezeka mu ufa wa m'zigayo zina mu 2024, agalu mazana atafa.

Nyama ziwiri ndikuchenjezeni. Ife a kum'mawa nkhumba timaikonda, ndipo pamsika uliwonse mudzaipeza ikuchita thovu m'chiwaya. Nkhumba zambiri za kumidzi zimayenda zokha, ndipo zina zimakhala ndi timatuza toyera tonga mpunga m'minofu. Timeneto ndi ana a njoka za m'mimba, zomwe mazira ake akalowa m'thupi la munthu amatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Yang'anani nyama isanaphikidwe, ndipo idyeni itapsa mpaka m'kati, osati yofiirira. Ina ndi nyama ya m'tchire imene munthu angakunong'onezeni kuti ali nayo yotchipa. Kupatula kuti mukhoza kumangidwa nayo, mu 2011 anthu ambiri ku Chama anadwala anthrax atadya mvuu zofa zokha mu Luangwa.

Tsopano mbewa. Anzanu a ku Kitwe asiyeni aseke, ndi chimbuya chimenecho. Ife ndi Abemba tinapatsana ufulu wonyozana popanda mlandu, pamaliro amatipaka ufa, ifenso timawapaka. Akati mbewa, inu muziti anyani, nkhani yatha. Khoswe wa m'nyumba palibe amene amamudya. Mbewa ndi za m'munda, zimadya chimanga, nshawa ndi njere za udzu, ndipo nyengo yake ndi anthu akakolola, zitanona. Anyamata amakumba una ndi khasu, kapena kutchera misampha usiku. Akazigwira amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziyanika pamoto, kenako n'kuzipana pa mpani, ndiwo mumauona akuukweza m'mwamba m'mbali mwa msewu basi ikamadutsa. Yokoma koposa ndi kapuku, kakang'ono koma kamafuta. Poyamba musagule za pamsewu. Dikirani mwana wa sukulu kapena kholo likubweretsereni zatsopano, muziwambenso pamakala mpaka ubweya upserere ndipo zizichita khirichi pozitafuna, muwaze tsabola, mudyere nsima yotentha. Mafupa ake ndi ofewa, sitilavula. Ngozi ya mbewa ili pozigwira zaziwisi, chifukwa utitiri wake umatha kufalitsa mliri wa makoswe, monga zinachitikira ku Nyimba mu 2015. Chimene ine ndimadana nacho pa mbewa ndi moto umene osaka amayatsa, n'kupsereza tchire ndi mapesi amene akanawolera m'munda. Zimenezo mukawaphunzitse ana. Koma ngati mtima wakana kudya, kanani bwinobwino, palibe adzakukakamizeni, pakuti alipo a kum'mawa enieni amene sazidya, ena chifukwa cha mpingo.

Chimene simungakane ndi nsima ya pakhomo pa munthu. Sabata yoyamba mudzaitanidwa, mwina kwa ahedi, mwina kwa apampando a PTA. Nsima yake idzakhala ya ufa woyera, wa mphale yoviika, yosalala kuposa ya bulekifasi imene munazolowera, kapena ya mgaiwa. Ndiwo zikhoza kukhala chibwabwa chotendera, therere, nyemba, mfutso wa khwanya m'chilimwe, kapena nkhuku ya kumudzi ngati akulemekezani kwambiri. Wamkulu ndiye amayamba kusamba ndi kutema. Akakuikirani nthutumba, dziwani kuti akupatsani ulemu wa mwini nyumba, idyeni. Ngakhale mutakhuta, temani mbamu ziwiri zitatu, ndipo m'mbale ya ndiwo musapukute, kuseri kuli ana akudikira. Ndiwo zotendera za kuno zikadzakulowani m'magazi, soseji ya ku Kitwe mudzaiiwala. Mukadzapita ku Chipata kokatenga malipiro, dzalowereni pa msika wa Kapata kapena Saturday Market mugule mpunga wa ku Chama. Ukamaphikidwa, oyandikana nawo nyumba amadziwa.

Za ndale, yankho lalifupi ndi loti lankhulani, kuno si kundende. M'basi ya kum'mawa mkangano umayamba musanafike pa Chongwe, ndipo mukatsegula Breeze FM nthawi ya mapulogalamu oimba foni mudzamva agogo akukalipira khansala ndi dzina lake lomwe. Koma inu muli ndi zinthu ziwiri zimene wokwera basi wamba alibe. Ndinu wantchito wa boma, amene malamulo a ntchito samulola kuchita ndale za chipani poyera. Ndiponso ndinu mlendo, ndipo akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Kuti mumvetse zimene mudzamve, dziwani pang'ono kumene tachokera. Mu 1991, dziko lonse litatembenukira kwa a Chiluba ndi MMD, kum'mawa kunatsala ndi a Kaunda. Pa mipando 25 imene UNIP inapeza m'nyumba ya malamulo, 19 inali ya kuno, chigawo chonse. Kenako tinapita ndi a Rupiah Banda, mwana wa ku Chipata, amene analamulira kuyambira 2008 mpaka 2011. Kenako a Edgar Lungu, amene makolo awo ndi a ku Petauke, kuyambira 2015 mpaka 2021. M'zaka zimenezi ndimo munamveka kwambiri mawu aja akuti "wako ni wako". Mudzawamva, mwina mudzauzidwa kuti popeza ndinu wa ku Chadiza, chipani chanu n'chodziwika kale. Kumigodi nakonso munasiya mawu ena otere, ndipo kum'mwera ali ndi awo. Paliponse pamakhala wina amene anakusankhirani kale mbali musanabadwe, ndipo amapindula mukapanda kufunsa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena akwiya nawo. Takhala ndi apulezidenti awiri a kwathu, koma mlimi wa ku Vubwi akugulitsabe nshawa ndi soya kwa mavenda pamtengo wolira nawo, ndipo mwana wa ku Katete akuwetabe ng'ombe za eni m'malo mokhala m'kalasi mwanu. Njanji ya Chipata–Mchinji, imene inayambika m'ma 1980, inatsegulidwa mu 2010 ndi chikondwerero chachikulu, koma pitani mukaone kuti sitima imadutsapo kangati. Yopitirira mpaka ku Serenje tinalonjezedwa, tikudikirabe. Sindikuti palibe chimene chinachitika. Msewu wochokera pa Luangwa Bridge kufika ku Mwami unamangidwanso bwino m'nthawi ya PF, chipani cha a Lungu, mothandizidwa ndi ndalama za ku Ulaya, ndipo Chipata inakhala mzinda mu 2017. Koma m'nthawi yomweyo makada ankatolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni ngati boma lachiwiri. Boma la a Hichilema linabweretsa maphunziro aulere mu 2022, linalemba aphunzitsi oposa 30,000 chaka chomwecho, ndipo CDF, ndalama za chitukuko cha m'madera, inakwera chaka chimenecho kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Koma inu ndi amene mukaone kalasi ya ana osefukira mpaka pakhomo, ndipo mayi wogula kapamela ka ufa sadya CDF. Chilala cha 2024, chimene chinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinaumitsa minda ndi kuzimitsa magetsi, ndipo mkwiyo wake unagwera olamulira monga umachitira nthawi zonse. Mu Zambia mtengo wa ufa ndi woopsa kuposa wotsutsa aliyense. Zipolowe za mu Juni 1990 zinayamba ndi ufa, ndipo chaka chotsatira UNIP inachoka.

Ndiye mukafuna kutsutsana, tsutsanani pa zinthu zogwirika. Feteleza wa FISP, wotsika mtengo wa boma uja, wafika mvula isanagwe kapena itagwa? FRA, bungwe la boma logula zokolola, yagula chimanga pamtengo wanji, ndipo yalipira liti? Madesiki a CDF anapanga ndani, ndipo atha miyezi ingati asanathyoke? Mafunso otere munthu wa chipani chilichonse amawayankha, chifukwa nayenso ali ndi munda. Koma mukangoyamba ndi "inu a kum'mawa vuto lanu", kapena kutchula mtundu wa munthu, mwatseka makutu onse, ndipo dzina limene akupatseni tsiku limenelo mudzachoka nalo pa transifa.

Pakamwa m'basi sipoopsa kwenikweni, mawu amatsikira pa siteshoni. Poopsa ndi pa foni. Lamulo lakale loletsa kunyoza pulezidenti linachotsedwa mu Disembala 2022, koma mu Epulo 2025 kunasainidwa malamulo atsopano awiri a za pa intaneti, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene maloya ndi mabungwe ambiri anadandaula kuti akupereka mphamvu zochuluka zomvetsera ndi kufufuza anthu. Incognito ya mu browser isakupusitseni. Imangobisa zimene mwatsegula kwa munthu wobwereka foni yanu, koma kampani ya netiweki ndi tsamba limene mwalowalo zikukuonani. Ndipo pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi palibe browser imene ingakutetezeni kwa mnzanu wojambula screenshot n'kutumiza ku ofesi ya DEBS, mkulu wa maphunziro m'boma lanu. Musalembe chimene simunganene mutaimirira pa msonkhano wa makolo. Komanso kumbukirani kuti pa 12 Ogasiti 2021, tsiku lovota, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka khothi linalamula kuti zitsegulidwe. Nyengo ya chisankho ikamayandikira, manambala ofunika muzikhala nawo polemba, ndi thokotaimu yoimbira.

Koma ndale zimene zidzakhudze ntchito yanu tsiku ndi tsiku si za ku Lusaka. Katete ndi likulu la Achewa. Ku Mkaika ndiko kumakhala Kalonga Gawa Undi, amene mafumu a Chichewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amamulambira. Pamudzi pamene pali sukulu yanu, mawu a anyakwawa amalemera kuposa a khansala. Sabata yoyamba pemphani ahedi akuperekezeni mukaonekere kwa mfumu, musapite chimanjamanja, ndipo mukafika khalani pansi, muombe m'manja monga achitire anzanuwo. Za pulezidenti mukhoza kutsutsana ndi munthu mpaka dzuwa kulowa n'kumwera limodzi thobwa. Koma za Gule Wamkulu musayankhule mwachibwana, ngakhale mpingo wanu utakhala kuti sugwirizana nazo. Mukakumana ndi gule panjira, patukani, ndipo foni ikhale m'thumba. Kudambwe si kwanu. Mudzaona anyamata akusowa m'kalasi nyengo ya gule, atsikana akusowa chifukwa cha chinamwali kapena ukwati, ndipo magazi a ku Kitwe adzawira kufuna kukalipa pa asembule. Njira imene imagwira ntchito ndi yodzera kwa mfumu ndi kwa anamkungwi. Gawa Undi mwiniwake wakhala akuletsa maukwati a ana ndi kulimbikitsa kuti miyambo isamalande nthawi ya sukulu, ndiye mukapita kwa anyakwawa simukupita ndi nzeru zachilendo, mukuwakumbutsa mawu a mwini dziko. Mwana amene mphunzitsi walephera kumubweza m'kalasi ndi makalata atatu, mfumu imamubweza ndi uthenga umodzi.

Loweruka lomaliza la Ogasiti kumakhala Kulamba ku Mkaika komweko, ndipo Loweruka lomaliza la Febuluwale kuli Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni, kwa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni, pa msewu womwewo wopita ku Chipata. Konseko mupiteko. Andale a mbali zonse amabwera, amakhala m'matenti moyandikana, n'kumapatsana moni wa mano okha. Inu chovala cha mtundu wa chipani musiye kunyumba, muvale chitenje cha mwambowo, chimagulitsidwa pomwepo. Netiweki tsiku limenelo imadzaza moti uthenga umafika mawa lake, choncho mugwirizaniretu ndi anzanu pokumanira. Malo ogona ku Katete amatha kukali milungu, ndiye popeza mudzakhala ndi nyumba ya sukulu, gulirenitu mphasa ziwiri zapadera. Abale a ku Chadiza amene simunawaonepo adzakupezani okha.